Nkhosa za a Idwal ndi Mtumbira wa Malire

Mvula itakata m'mawa wina, a Idwal Prydderch anapeza mtumbira wakale wodutsa m'busa mwawo utagumuka, dothi lofiira lili pamtunda. Mtumbirawu, ndi ngalande yake, anaukweza anthu amakedzana kuti ukhale malire a Wales ndi England, ndipo boma limauteteza. Wouwononga amakayankha kukhoti.

Chonsecho mlandu unali wa iwo eni. Dzinja lililonse ankabweretsa udzu wouma pa thirakitala n'kudyetsera nkhosa pamwamba pa mtumbirawo, poti m'busa monse ndi pokhapo posadikha madzi. Kumunsi nkhosa zimaola ziboda, ndipo chaka chimenecho zambiri zinali ndi bere.

"Ndikokolola dothi m'ngalandemo ndi thirakitala, ndikwirire. Adziwa ndani?" anatero a Idwal akumwa tiyi.

Akazi awo, a Nesta, anawayang'ana cham'mbali. "Mwagumula mtumbira, tsopano mukufuna mukumbenso ngalande? Milandu iwiri, munthu mmodzi. Safunsa anadya phula, bambo. Imbirani foni alangizi a boma."

A Idwal ndi aliuma, ife tonse timawadziwa, koma tsikulo anamvera.

Kunabwera mayi Eirlys Vaughan, mlangizi wosamalira malo akale. Anayendera pogumuka paja, a Idwal ali pambuyo.

"Mwachita bwino osakumba," anatero mayiwo. "Kukumba kapena kukwirira pano kumafuna chilolezo. Dothili likasokonezeka, mbiri yake yapita."

"Komatu bambo anga ankadyetsera pomwepa."

"Ankabwera ndi thirakitala?"

A Idwal anakanda kumutu. "Ayi. Ankasenza pamsana. Nkhosa zakenso zinali zochepa. Nanga zangazi ndizipititse kuti? Zikafere m'matope?"

"Sizifa. Bwerani muone."

Mayi Vaughan anawasonyeza kamtunda pafupi ndi geti, kutali ndi mtumbira. Anati athirepo miyala, modyera mukhale pamenepo, ndipo anawathandiza kupempha chithandizo cha ntchitoyo. Chilolezo chitatuluka, pogumuka paja anakonzapo, kufesa udzu, n'kutchinga ndi waya.

"Udzu ukagwira, nthaka itauma, nkhosa zibwerere," anatero mayiwo. "Zimadya tchire lomwe mizu yake imang'amba mtumbira. Nkhosa si mdani. Mdani ndi modyera ndi matayala."

A Idwal kukhoti sanapondeko.

Nyengo yoswa itafika, nkhosa zinaswa bwino, yotsimphina panalibe. Mtumbira unabiriwira, bala losaonekanso. Tsiku lina anaona mnansi wawo, a Meurig, akukokera chodyeramo nkhosa pamtumbira wa mbali yawo. A Idwal anakuwa ali pampanda.

"Achimwene, tsitsani chimenecho. Phula ndinatsala pang'ono kudya ndine, inu musalawenso."

Mtumbira wakale ukadutsa m'munda mwanu, musadyetserepo ziweto, musayendetsepo thirakitala, ndipo musakumbe musanafunse alangizi. Munda ndi wanu, koma mtumbirawo mwangosungira ana a tonsefe.