Moto wa Bambo Unazima pa Mphambano

Bambo anamwalira mu Febuluwale, ndipo mu Epulo tinagulitsa nyumba yathu yakale chifukwa denga linali litatheratu. Amayi ndinawatengera kwanga, m'nyumba yosanja, m'mwamba mwachitatu. Pofika mu Ogasiti, nthawi ya Obon pomwe mizimu imabwera kudzacheza kwawo, amayi anasowa mtendere.

"Shigeru, bambo ako kuno sakudziwako," ankatero m'mawa ndi masana omwe. "Munthu ankasochera popita ku positi ali moyo, nanga lero?"

"Amayi, ansembe a ku kachisi anati mizimu siisochera."

"Ansembewo sanakhalepo pa banja ndi bambo ako."

Pa 13 amayi anadzuka akungoyendayenda. Anabaya timitengo tinayi pa nkhaka ngati miyendo kuti ikhale hatchi yoti bambo akwere afike msanga, tina pa biringanya kuti likhale ng'ombe yodzabwererapo pang'onopang'ono. Aziika pa guwa la makolo la m'nyumba, azichotsa, aziikanso. Achemwali anga a Fumie atafika, tinanyamuka kupita kumanda dzuwa litapendeka.

Tinatsuka mwala wa pamanda a bambo, kuika maluwa, kufukiza lubani. Kenako amayi anayatsa kandulo ya m'nyali yoyera ya pepala ndi moto wa pamandapo. Kwathu timatero: motowo umayenda nawo mpaka kunyumba, womwalirayo akukutsata pambuyo.

"Tiyitane takisi, mphepoyi yanyanya," anatero a Fumie.

"Bambo ako m'galimoto ankasanza. Tiyenda pansi."

Nyali ndinanyamula ine. Mphepo imachokera kunyanja, nyali ikungovina, ine ndikuitchinga ndi chipewa. Amayi pambuyo, "Usathamange! Usapendeke! Kodi manja akowo ndi a nsomba?"

Tinafika pa mphambano ya pafupi ndi sitolo ya mpunga. Kumanzere ndi ku nyumba yakale, kumanja ndi kwanga. Nditangokhotera kumanja, moto uja zii.

A Fumie anandigunda ndi chigongono. "Yatsa msanga, chitsiru iwe, sanaone."

Ndinatulutsa machesi anga a fodya n'kuyatsa. Potembenuka, amayi akundiyang'ana.

"Moto uwo ngwako, si wa bambo ako. Zimitsa." Anayang'ana msewu wa kumanzere. "Zaka makumi asanu akukhota apa. Apita kunyumba."

Anayamba kuyenda, mwachangu kuposa ife. Koma panali chinthu chomwe ine ndi a Fumie tinawabisira. Amene anagula nyumbayo anaigwetsa mu Juni.

Tinapeza bwalo loimikapo magalimoto, phula lakuda ndi mizere yoyera. Amayi anaima. Anapita uku, anabwerera, anawerenga mapazi kuchokera pa mtengo wa magetsi, n'kuima pa malo olembedwa nambala 7.

"Khomo linali apa," anatero.

"Amayi, timafuna tikuuzeni..."

"Khala chete. Munthu waima panja, inu mukufuna mundiuze."

M'thumba mwawo munali timapesi touma tomwe anagula toyatsira moto wolandirira bambo pakhomo panga. Anagwada pa phulapo, anatithyolathyola, n'kutambasula dzanja kuti ndiwapatse machesi. Atatu oyamba mphepo inazimitsa. Tinakhala mowazungulira, pa wachinayi moto unagwira.

"Bambo a Fumie," amayi analankhula ndi utsiwo, "kuno kulibe munthu. Anawa agwetsa osatiuza tonse awiri. Tiyeni, musavute, tiyi akuzizira."

Anayatsa kandulo ndi moto umenewo n'kundipatsa nyali.

"Tsogola iwe, nyumba ndi yako. Uziwauza njira mokweza, khutu lina lija silimva."

Ndinachita manyazi, anthu akudutsa ndi njinga. Koma ndinayamba. "Bambo, tikubwerera ku mphambano. Bambo, apa tiwoloka, samalani basi." A Fumie anavula juzi n'kutchinga nyali mbali ya kunyanja, akuyenda cham'mbali ngati nkhanu. Pa mphambano paja lawi linagona, kenako linadzuka.

"Bambo, masitepe ndi makumi atatu ndi awiri. Khomo lachiwiri, lobiriwira."

Ndinalowa, ndinagwada, n'kuyatsa kandulo ya pa guwa ndi moto wa m'nyali uja. Amayi anaimabe pakhomo, chitseko atachigwira chotsegula, kwa kanthawi ndithu. Kenako anatseka.

"Fumie, makapu anayi," anatero, n'kukhala pansi koyamba tsiku limenelo.