Utsi wa Kuseri kwa Mabwinja

Bambo anga, a Macario Xol, sankatopa kukumbutsa. Mvula ikangosiya, nyimbo inali yomweyo: "Herlinda, kumwala kuja tipita liti?"

Ine ndili m'mimba mwawo, mayi anadwala mwakayakaya. Nthawiyo bambo ankagona m'nkhalango, kutema mitengo ya utomoni wa chingamu. Anakagwada pamwala wina wosema, kuseri kwa mabwinja a makolo athu Amaya, n'kulonjeza kuti mwanayo akabadwa wamoyo adzabwera naye kudzathokoza. Ndinabadwa, ndinakula, mpaka ndinapeza ntchito yoperekeza alendo kumabwinja komweko. Kanjira kopita kumwalako ndinkakadutsa pafupifupi tsiku lililonse, koma kwa bambo ndinkangoti mawa, mawa, mpaka maso awo anayamba kuchita nkhungu.

Atatopa nane, anapita okha kwa mkulu wowerenga masiku kuti atisankhire tsiku. Linagwa Lachinayi, alendo ali mbwee. Ndikanatha kupempha tchuthi, koma ndinadziona wochenjera: bambo ndiwatenga m'minibasi ya alendo, zonse zitheke tsiku limodzi. Paja amati mapanga awiri avumbwitsa.

Anakwera atavala malaya oyera, thumba lili pamiyendo. Anacleto, dalaivala wathu, sangaone munthu osamuputa.

"Madala, mukukakwatira kodi? Kutchena konseku!"

"Yang'ana msewu iwe," anatero bambo. "Ukwati wako womwe unakukanika, ukafunse za wanga?"

Titafika ndinasiya alendo khumi ndi mmodzi akudya matamale, mikate ya chimanga yophikira m'masamba, pachipata, n'kuthamangira kukawatula bambo kumwala kuja. Anaupapasa ngati nkhope ya mnzawo, kenako anayamba kutulutsa shuga, lubani ndi makandulo amitundumitundu.

"Ndiyatsa dzuwa likafika paliwombo," anatero. "Ukhale utagwada pano moto usanazime. Eni malo ano akufuna akuone."

"Ndingowakweza alendowa pakachisi wamkulu, Bambo. Ola limodzi basi."

"Kandulo sadziwa ola, mwana wanga."

Ntchito yathu ili ndi dongosolo lake. Umayambira pabwalo lalikulu, umaima pamtengo waukulu wotchedwa seiba kuti alendo ajambule, umawaonetsa anyani aja obangula, kenako masitepe. Tsikulo anyani anachita ngati atumidwa. Anatsika pafupi, ana ali kumsana, ndipo alendo anga anakanirira pomwepo kujambula mpaka mabatire kutha. Pokwera kachisi, mayi wina wa chipewa chachikulu ankapuma pasitepe iliyonse, atandigwira dzanja zolimba.

Tili pamwamba, nkhalango ili pansi pathu, ndinaona utsi. Unali woonda, woyera, ukukwera molunjika kuchokera kuseri kuja.

"Kodi kukupsa?" anafunsa mayi wa chipewa uja.

Apa ndiye pamandiwawa mpaka lero. Rigoberto, mnzanga wa ntchito, anali pompo ndi alendo ake anayi okha. Ndikanangoti, "Achimwene, nditsitsireni anthuwa." Koma pakati pathu, woperekeza alendo akapereka gulu lake kwa mnzake amasekedwa mwezi wathunthu, amati nkhalango yamulemera. Ndiye ndinakonza kukhosi, n'kutulutsa mawu anga aja a ntchito.

"Ayi, ndi mwambo wa Amaya. Ena amauchitabe mpaka pano."

Anasangalala kwabasi. Mafunso anagwa ngati mvula, ine n'kumayankha bwinobwino: makandulo ofiira ndi a chiyani, akuda ndi a chiyani, chifukwa chake moto suzimitsidwa koma umasiyidwa kuti uthe wokha. Ndinkafotokoza maso ali pautsiwo, uku ndikudziuza kuti makandulo ambiri chonchija sangathe msanga. Wina anati sanaonepo woperekeza wodziwa zinthu ngati ine, ndipo ndisaname, mtima wanga unakoma.

Kutsika kunatenga nthawi kuposa kukwera. Nditawafikitsa pamthunzi, ndinathamanga ngati mwana.

Ndinapeza bambo atakhala pamuzu, chipewa chili pabondo, malaya aja ali phulusa lokhalokha. Pansi pa mwala panali bwalo lakuda. Ndinagwada n'kuikapo dzanja. Panali pofunda chabe.

"Bambo, ndikagule makandulo ena pachipata. Tiyatsenso."

"Si chitofu ichi."

"Ndiye tikapemphe tsiku lina. Ndidzatenga tchuthi, ndithu."

Anapukusa mutu, osakwiya n'komwe, ndipo bola akanandikalipira. Anati munthu sabwera kawiri ndi lonjezo limodzi, zimakhala ngati ukuseweretsa akuluakulu.

"Nanga munawauza chiyani?"

Anaimirira pang'onopang'ono, n'kufunafuna phewa langa ndi dzanja kuti ndiwatsogolere.

"Ndawauza kuti mwana uja anakhala moyo, anakula, ali pa ntchito chapafupi pompa. Kaya andikhulupirira kaya, poti ndabwera ndekha."