Kapinga wa Pagolo

Miyezi itatu yathunthu, wosamalira bwalo la pakoleji adalera kapinga wa pagolo ngati khanda. Ankamuthirira ndi keni m'mawa uliwonse, atamutchinga ndi zingwe kuti ngakhale mphunzitsi wa timu asapondepo. Chaka chimenecho kudali kwa timu ya pakolejipo kulandira adani awo akalekale, a koleji ya kutsidya.

Lachitatu, wosamalira bwaloyo akusungunula laimu wojambulira mizere, mkulu wa zamasewero adafika.

"Bambo, musadzivute. Mpira uja tausamutsira ku bwalo la mumzinda waukulu. Paja chaka chatha anawa adagendana."

"Adagendana kwawo konko, bwana. Pano sipadagwepo mwala."

"Akuti pasakhale mwini khomo. Ndiponso kapinga wa kumeneko ndi wapulasitiki, safuna madzi."

Loweruka basi idanyamuka ophunzira akuimba, koma malo a wosamalira bwalo mudalibemo. Iye adajambulabe mizere, nakoleka maukonde, nachotsa zingwe zija. Kenaka adakhala pachidebe cha laimu, wailesi ili pabondo. Wolengeza mpira atayamba kutama kukongola kwa bwalo la mumzindalo, adaitseka. Adapita pagolo paja napondaponda kapinga wake ndi jombo mpaka dothi lidaonekera.