Belu la Diana Pakati pa Sabata

Kumudzi kuja kuseri kwa Mvera nkhani sichedwa. Diana atangotsika minibasi, pachitsime panali patamveka kale kuti amuchotsa ku yunivesite. Anayambitsa ndi a Margareta, otsogolera nyimbo kumsonkhano wa amayi. Eti munthu zaka zonsezi n'kumangophunzira dzuwa, lomweli loumitsa fodya, osamaliza?

Mayi ake a Diana, a Abigail, zinawapweteka moti kutchalitchi ankangoyenda chowerama.

"Iwe, tandiuza zoona. Anthu ndiziwayankha chiyani?" anamufunsa Diana tsiku lina.

Diana anaseka, n'kuwakokera pamtengo wa kutchalitchi pomwe anapachikapo chitsulo cha gudumu la lole, lomwe ndi belu la mpingo. Anachimenya n'kuchigwira msanga.

"Mwamva liwu lanji, amayi?"

"Ngati poto wagwa."

Anamenyanso n'kuchisiya chilire mpaka chinaleka chokha. A Abigail, poti ndi a kwaya, analitola liwulo n'kuyamba kuling'ung'udza.

"Eya! Dzuwa nalonso limanjenjemera ngati belu, ndipo ife timayeza liwiro la kunjenjemerako. Makina akaliyang'ana kanthawi kochepa, yankho limakhala longoyerekeza. Ndiye usiku umatidula, mitambo imatidula, kunjenjemerako nakonso kumazilala n'kuyambiranso. N'chifukwa chake zimatenga zaka. Ngakhale tidikire chotani, kachikayiko kamatsalabe. Ine ndikufufuza kuti kangachepe kufika pati."

Anamenyanso, n'kudikira, n'kumenyanso kuti mayi ake amvetsetse. Koma onse awiri anali ataiwala kuti kuno belu likamalira modukizadukiza pakati pa sabata, ndiye kuti kwagwa maliro.

Abale inu! Anthu anataya makasu kudimba. A Festus, mkulu wa mpingo, anafika ali wefuwefu, nsapato kumanja. A Margareta anatulukira atamanga kale chitenje m'chiuno.

"Mayo ine! Watisiya ndani?"

"Palibe wamwalira!" anakuwa a Abigail, misozi ya phwete ili chuchuchu. "Mwana wanga akundiphunzitsa za dzuwa!"

A Festus anapumira m'mwamba. "Poti mwatiitana, mayi, tiphunzitseni tonse."

Diana anabwereza zonse, anthu atakhala pa udzu. Atamaliza, a Margareta anasendera pafupi.

"Ndiye sanakuchotse?"

"Ayi, mayi. Ndili pa holide, ndibwerera mwezi wamawa."

"Ine ndinkanena kale kuti mwanayu ngwanzeru!"

Amayi onse anafa nacho chiseko. A Abigail anangodzuka, n'kuimba nthungululu yomveka mpaka kutsidya.