Lole Yonyamula Mphepo

Pamsewu wonse wopita kufakitale yopanga magetsi potentha utuchi panalibe wonyamula utuchi motchipa kuposa Sagona. Mkuluyu anayamba ndi wilibala, nayenda m'maiko mpaka nsapato kuperepeseka, ndipo kumeneko anaona chimene anzake sankachiona: lole yodzaza utuchi imanyamula mphepo ndi madzi, utuchi weniweniwo ndi pang'ono.

Atabwerako anamanga shedi youmitsira, nagula makina opanikiza utuchi kuti uzituluka wolimba ngati njerwa. Katundu wa malole atatu anayamba kukwana m'lole imodzi. Dizilo anachepa, ndipo a kufakitale anasiya onse n'kugwira Sagona. Malole ena anaima kuseri kwa shedi, udzu n'kumera pansi pake. Madalaivala anachoka mmodzimmodzi mpaka linafika tsiku la mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake.

Mlamuyo analowa mu ofesi utuchi uli mbuu m'nsidze.

"Khalani, alamu," anatero Sagona.

"Ndakhalira chiwongolero zaka zambiri. Ndiima."

"Mwaona nokha mmene zinthu zilili."

"Ndaona. Ndimadutsa pomwe paima malolewo popita kuchimbudzi."

Mlamuyo anaika makiyi a lole patebulo. Sagona anawayang'ana. Anafufuza mumtima mwake kuti mwina apezamo chisoni, kapena manyazi, koma munali zii. Kunja makina ankangogunda.

"Mlongo wanga mumuuza ndinu kapena ine?"

"Akudziwa kale. Akungondiikira chakudya osayankhula."

Mlamuyo anagwedeza mutu, nafika pakhomo, kenako anatembenuka.

"Paja matayala aja."

"Ati?"

"Chaka chimene lole yanu yoyamba inaphulitsa matayala, ndinachotsa apagalimoto yanga. Munati mubweza mukapeza bwino. Mwapeza bwino."

"Galimoto ija munagulitsa kalekale, alamu. Mukamanga pachiyani?"

"Ndikadzalamo maluwa. Ndi anga."

Sagona anaitana makaniko. Anapita onse kuseri, nasankha lole yomwe mlamuyo ankayendetsa, poti matayala ake anali asanathe. Makaniko anaikweza pajeke n'kuikhazika pazipika. Pomasula matayala, makanikoyo ankatukwana nati ina yochita dzimbiri.

Mlamuyo anakana zoti amuperekeze pagalimoto. Anagubuduza tayala limodzi kukatuluka pageti, naliimika pampanda, n'kubwerera lina. Sagona anaima pamthunzi wa shedi manja ali m'thumba, akuwerenga. Anakwana anayi.