Lachinayi Ndivala Diresi Langa

Ndinalota ndili m'kati mwa foni, amake Tadala, pa tsamba la pa intaneti la bungwe lija lalonjeza makina osokera ku gulu lathu. Ndinali chithunzi. Ndinaima wopanda nsapato, chitenje chong'ambika, nkhope itauma gwa ndi kumwetulira komwe sikunali kwanga. Zala zozizira za anthu osawadziwa zinkandikankhira m'mwamba, m'munsi, mpaka chizungulire. Kenako makina anayamba kugwa ngati mvula, koma ndikawagwira ankasanduka mafomu oti ndisaine. Mtsikana wojambula wa bungwelo anatulukira akuti, "Amayi, musapese tsitsi, opereka thandizo amafuna aone kuvutika." Ndinafuna kukuwa, koma m'kamwa munadzaza ulusi wonunkha mafuta a makina.

Ndadzuka thukuta lili kamukamu. Kaya ndi chenjezo, kaya ndi mawu omwewo, amene mtsikanayo anatiuzadi dzulo, andikhala pamtima, sindikudziwa.

Koma Lachinayi akabwera kudzatijambula, ine ndivala diresi lomwe ndinasoka ndekha, ndi ndolo zomwe. Kwathu kuno mlendo timamulandira titasamba. Ngati akufuna kupereka makinawo kwa nsanza, apereke kwa nsanzazo zisoke zokha.