Kumanzere Kuli Phiri

Munthu amene amalemba ndandanda ya ntchito ku ofesi kwathu sindinamukhululukire mpaka lero. Pa oyendetsa ndege onse amene kampani ili nawo, iye anaona kuti m'mawa umenewo ine ndikhale mpando wa kumanja, ndipo wa kumanzere, mpando wa kaputeni, akhalepo apongozi anga, bambo ake a mkazi wanga.

Mkuluyu wauluka zaka makumi atatu. Ndikapita kunyumba kwawo ndimakhala kunsonga kwa mpando, manja pamaondo, ndipo akanena kuti kugwa mvula ndimavomera ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Chilowereni m'banjamo, zaka zisanu ndi chimodzi, sindinawauzepo kuti ayi. Kuntchito ndimawatchula kuti a Kaputeni, koma lilime langa limadziwabe kuti likuyankhula ndi apongozi.

Tsikulo mitambo inatsika kwambiri, moti phiri la kuseri kwa bwalo la ndege silinkaoneka n'komwe. Kumbuyo kwathu kunali anthu zana limodzi ndi makumi atatu. Tisananyamuke timachita chonchi: mmodzi amalowetsa njira mu kompyuta ya ndege, mnzake amawerenga zomwe zalowazo akuyerekeza ndi pepala, akatero amati “ndaona.” Zonsezo tinachita bwinobwino. Koma titangotseka zitseko, mayi wa kunsanja, amene amalondolera ndege pa wailesi, anatiuza kuti mphepo yatembenuka, choncho tinyamukire mbali inayo ya msewu wa ndege. Anatipatsanso njira ina yotulukira. Dzina la njirayi limasiyana ndi la yoyamba ija ndi chilembo chimodzi chokha, chakumapeto.

Ine ndinkalemba zimenezi papepala kwinaku ndikuyankha wailesi, ndipo wa thirakitala yokankha ndege ankatiwerengera nthawi pansi. Zala za apongozi zinathamanga pa mabatani.

“Zalowa. Mwaona, bambo?” anatero.

Ndinaponya diso pa sikirini. Msewu unali utasinthadi. Dzina la njira ndinangoona koyambirira kwake. Kuti ndiweramire pamenepo n'kuyamba kuwerenga chilembo chimodzichimodzi, iwo akundiyang'ana, zinandivuta ngati kuwerenga chenji chimene wakupatsa m'busa.

“Ndaona,” ndinatero.

Tinathamanga pamsewu, ndege inanyamuka, matayala analowa, ndipo posakhalitsa tinamira mu mtambo. Pawindo panangoti mbuu. Apongozi anadina batani la makina oyendetsa ndege okha, n'kuchotsa manja pa chiwongolero. Makinawo amawakonda kwambiri, ndipo amawatchula kuti “uyu” ngati munthu.

Phiko la kumanzere linayamba kutsika.

Ndinayang'ana pepala langa. Linkati tikhotere kumanja. Njira yoyamba ija ndi imene inkakhotera kumanzere, ndipo tikadanyamukira mbali yakale, kumanzereko kukadakhala chigwa. Koma kuchokera mbali tinanyamukirayi, kumanzere ndi kumene kuli phiri.

“A Kaputeni, kapena tikukhotera kumanzere?”

“Tikutsata njira,” anatero apongozi, akusisita pamwamba pa mabatani. “Uyu saledzera, sakwiya, alibe mkazi womusokoneza mutu. Musiyeni agwire ntchito.”

Ndinaseka. Mulungu andikhululukire, ndinasekadi, chifukwa apongozi akanena nthabwala umaseka. Ndege inapitiriza kukhota.

“Pepala langali likuoneka ngati likunena za kumanja. Mwina ndine ndalemba molakwa.”

Sindinalembe molakwa, ndipo ndinkadziwa. Ndikakumbukira mawu amenewo ndimafuna kudziluma lilime. Munthu wamkulu, wa ana awiri, wa ziphaso zake, kupereka bodza lodzitsitsa kuti apongozi apeze potulukira, phiri likubwera.

Anayang'ana pepala, anayang'ana sikirini, ndipo ndinaona khosi lawo likuuma. Anali ataona chilembo chija. Ndinkayembekeza kuti agwira chiwongolero, koma iwo anaweramira pa kompyuta n'kuyamba kufufuta.

“Dikirani, ndimuuze njira yake,” anatero.

Wailesi inaphulika m'makutu. Anali mayi wa kunsanja uja, ndipo ulemu wonse anali atausiya.

“Khotani kumanja tsopano! Kutsogolo kwanu kuli phiri! Mukundimva? Kumanja tsopano!”

Pa sikirini ya mapu panabwera chikasu, kenako m'kati mwa chikasucho munatuluka chofiira. Apongozi analemba dzina la njira, kompyuta inakana. Zala zawo zinkagunda mabatani awiri nthawi imodzi. Analembanso, inakananso.

“Bambo, chonde, bwanji tizimitse makinawa tiyendetse ndi manja?”

“Ndati dikirani! Yatsala pang'ono kulowa!”

Pamenepo chenjezo linayamba, mawu aja a makina amene tonsefe timangowamva pophunzira, akukuwa mobwerezabwereza kuti nthaka yayandikira, tikweze ndege. Ndinaganiza za mkazi wanga, amene nthawi imeneyo ayenera kuti anali m'kalasi, choko kumanja, akudziwa kuti mwamuna wake ndi bambo ake ali limodzi, ndiye palibe chodetsa nkhawa. Ndinaopa kwambiri. Sindinaopepo chomwecho chibadwire.

Ndinagwira chiwongolero changa n'kudina batani lofiira lozimitsira makina. Belu lake linalira. Apongozi anadzutsa mutu, maso ali psuu, ndipo dzanja lawo linanyamuka kupita pa batani lija kuti awayatsenso.

Ndinalimenya dzanjalo. Linagunda pa galasi.

“Siya iwe! Chotsa dzanja! Ndege ndatenga ine!”

Ndinakankha mphamvu ya injini mpaka pothera, ndinawongola mapiko, ndinakoka chiwongolero mpaka chinandifika pamimba. Mpando unandimeza. Kumbuyo ndinamva zinthu zikugwa m'kakhitchini, ndi anthu akukuwa. Ndege yodzaza siikwera chifukwa choti iwe wafulumira. Inkakwera mwa ulesi wake, injini zikubangula, chenjezo likukuwabe, ine ndikuipempha mokweza ngati ikumva: “Kwera, mayi, kwera, ndakupempha!” Chiwongolero chinayamba kunjenjemera m'manja, kundiuza kuti ndikakoka kuposa apa ndege isiya kuuluka. Ndinabweza pang'ono. Panalibenso china choti ndichite.

Mtambo unang'ambika kamphindi. Pansi pa windo langa ndinaona mitengo, osati nkhalango yobiriwira yapatali ayi, koma mitengo payokhapayokha, nthambi zake, ndi thanthwe lonyowa lokhala ndi mng'alu. Kenako panabweranso mbuu.

Chenjezo linasiya. Patapita kanthawi tinatulukira pamwamba pa mitambo, dzuwa n'kutimenya kumaso. Mayi wa kunsanja ankatiitanabe, mawu ake akuthyoka. Ndinamuyankha kuti tilipo, tikukwera. Anatipatsa njira.

Ulendowo unali wa ola limodzi ndi theka. Apongozi anakhala manja ali pamiyendo. Ankawerenga mndandanda wa zoyenera kuonetsetsa, ankayankha wailesi, basi. Pamsana pa dzanja lawo panali potupa. Ine malaya anali atandimatirira kumsana, ndipo mantha a phiri atachepa anabwera ena: ndamenya apongozi, ndawatchula kuti iwe, ndipo kabokosi kojambula mawu kasunga zonse. Akuluakulu a kampani adzamvera. Ndinkadzifunsa kuti mkazi wanga ndikamuuza ndi pakamwa pati.

Ndegeyo ndinaiteretsa ndine. Anthu anatsika, ena akutukwana, ena akupemphera. Tinazimitsa injini. Ndinatulutsa fomu ya lipoti. Ndinavula zomvera m'makutu, ndinatembenukira kwa iwo, maso pansi.

“Bambo, mundikhululukire. Mawu aja anangotuluka. Ndiponso dzanja lanu…”

“Chilembo chija munachiona tili pansi?” anandidula.

“Ayi. Ndinangoti ndaona.”

“Chifukwa?”

“Munalemba ndinu, bambo.”

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anatenga fomu ija m'manja mwanga, analemba dzina lawo pamwamba, langa pansi pake. 

“Ine ndinalakwa kawiri, pansi ndi m'mwamba, ndipo ndilemba,” anatero. “Mpando uwu mwina sindidzaukhalanso. Koma ndikufunseni. Kuchokera pamene munadziwa kuti tikupita kuphiri, munandipempha mwaulemu kangati?”

Ndinawerenga mumtima.

“Katatu.”

Kwa nthawi yoyamba chilowereni m'banja lawo anandiyang'ana m'maso, ndipo anadikira mpaka inenso nditawayang'ana. M'maso mwawo munali misozi.

“Mukadandilemekeza kachinayi, bambo, mwana wanga akadaika mwamuna wake ndi bambo ake tsiku limodzi.”